Dzanja Limene a Matewere Ankabisa

Lachinayi, pa 17 Novembala 1994, nthawi ili 2 koloko masana, ndinalowetsa a Matewere mu holo ya sukulu yathu ku Handsworth, ku England. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Iwo anavala suti yakuda imene ankasungira maliro, katoni ya nsapato ili m'khwapa lakumanzere, dzanja lamanja lili m'thumba la chikhothi monga mwa masiku onse. Ankayesa abwera kudzakamba za njanji. Ine ndinkadziwa bwino kuti aphunzitsi sanawaitanire zimenezo, koma sindinawauze.

Ndikawakumbukira, chimayamba kubwera ndi fungo: palafini wa kambaula kamene ankayatsa m'khitchini chifukwa ankati kutentha kwa gasi sikufika m'mafupa, gilizi wakuda amene analowerera m'thebulo lawo mpaka sopo kumulephera, ndi maswiti a minti amene ankayamwa tsiku lonse chisiyireni fodya. Kenako ndimamva tupa likudya chitsulo kuseri kwa khoma la chipinda changa, ketulo ikulira, ndi sitima zodutsa chapatali zimene iwo ankazidziwa ndi khutu lokha, kuti iyi ndi ya katundu, iyi ndi ya anthu, iyi gudumu lake lina ladyeka mbali imodzi.

Sanali agogo anga enieni. Nyumba yawo ndi yathu zinali zogundizana, khoma limodzi. Tinachoka ku Zomba ndili ndi zaka khumi, bambo kudzaphunzira ku yunivesite, mayi n'kupeza mashifiti kunyumba yosamalira okalamba. Sabata yoyamba yomweyo mayi anandikalipira chifukwa cholowa ndi matope, ndipo posakhalitsa tinamva kugogoda. Pakhomo panali nkhalamba yaifupi ya imvi zoti mbuu.

"Pepani mayi," inatero. "Ndamva kukhomaku munthu akukalipiridwa m'chinenero changa. Papita zaka makumi atatu ndisanamve nyimbo yokoma chotere. Pitirizani."

Kuyambira tsiku limenelo anakhala agogo. Bambo ankawatcha a Dokotala ngakhale sukuluyo anali asanamalize. Ine ndinali mzukulu, koma ndikalakwitsa n'kuwayankha m'Chingerezi ndinkasanduka "Mngelezi wa ku Zomba," ndipo sankandiyankha mpaka nditabwereza m'Chichewa. Akazi awo, mayi wa ku Jamaica, anali atamwalira kale, ana analibe. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pa fakitale ina ku Aston yopanga zitsulo za mabuleki a sitima. Chaka chisanafike chimene ndikunenachi, kampani ina ya ku America inagula fakitaleyo, inabweretsa makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo iwo ndi anzawo ambiri anauzidwa kuti akapume.

Dzanja lamanja sankalitulutsa. Kumisonkhano ya Amalawi ku Kings Heath, anthu akamapatsana moni wa manja awiri, iwo ankangowerama n'kudziguguda pachifuwa ndi lamanzere. Ankadya ndi supuni. Ena ankati ndi matama a munthu wokhalitsa ku Ulaya. Amayi ena a ku Zambia ananong'oneza mayi anga kuti m'thumbamo muli chithumwa. Kufakitale ankavala magolovesi ngati wina aliyense, moti ngakhale kumeneko ndi ochepa amene ankadziwa.

Ine ndinaliona m'chilimwe cha 1994. Tcheni cha njinga yanga chinapanikizika pakati pa giya ndi felemu, ndipo ndinaikokera kuseri kwa nyumba yawo. Anayesa ndi dzanja limodzi, chinakana. Anayang'ana mipanda ya mbali zonse, anayang'ana mawindo a anthu, kenako anatulutsa. Panali chala chachikulu ndi chaching'ono chokha. Pakati pake panali khungu lonyezimira, lokwinyika ngati pakamwa pa thumba lomanga ndi chingwe. Anakola tchenicho ndi zala ziwirizo, n'kuchibwezera pamalo pake mosavuta.

"Watsegula pakamwa ngati nsomba ya pamsika," anatero. "Khala pansi."

Anandiuza kuti ali mnyamata ankagwira ntchito yolumikiza mabogi pa kampani ina ya njanji kumwera kwa Afrika. Dzina la kampaniyo sankalitchula. Ankangoti eni njanji.

"Bogi ina yaima. Ina ikubwera chambuyo, injini ikuikankha. Iwe waima pakati, panjanji penipeni. Pa bogi yoimayo pali mphete yachitsulo, yolemera ngati mwana wakhanda. Uinyamule ndi dzanja, uilozetse m'kamwa mwa bogi ikubwerayo. Ikangolowa, chotsa dzanja, ponya chikhomo. Ukachotsa msanga, mphete yagwa, sitima yachedwa, kapitawo akutukwana amako. Ukachedwa kuchotsa, ndi izi."

"Panalibe chonyamulira, agogo?"

"Ndodo inalipo. Inkakhala mu ofesi, yoyera bwino, kudikira tsiku lobwera alendo. Ndodo imachedwetsa ntchito."

Ndinawafunsa chifukwa chimene ankabisira. Anapukuta gilizi pang'onopang'ono.

"Dzanja ili likangoonekera, munthu saonanso ine. Amayamba kundilankhula mokweza ndi mochedwa, ngati nzeru nazo zinatsalira panjanji. Zimene waonazi, mzukulu, zithere pano. Ngakhale a Dokotala asamve."

Ndinalumbira, n'kuloza kumwamba. Anaseka, anandipatsa switi.

Teremu yotsatira, m'kalasi ya mbiri yakale, tinayamba kuphunzira mmene dziko la America linalemerera. Buku linkati njanji zinalumikiza nyanja ya kum'mawa ndi ya kumadzulo, ndipo chifukwa cha njanjizo panafunika zitsulo, malasha ndi matabwa zochuluka. Linkakamba za anthu ochepa amene anameza makampani ang'onoang'ono mpaka mafuta onse kapena chitsulo chonse kukhala m'manja mwawo, za mabogi ozizira onyamula nyama ulendo wa masiku ambiri, za mabuleki oyendera mpweya, ndi zakuti makampani a njanji ndiwo anakonza nthawi kuti mawotchi a mizinda yosiyanasiyana azigwirizana. Homuweki yonseyi ndinkachitira pathebulo la a Matewere. Iwo ankaikonda nkhaniyo kuposa ine. Anali atawerenga kale mabuku onse a njanji a mulaibulale ya kwathuko, ena kawiri.

"Anthu amenewa anali ndi mitu, usamve za munthu," ankatero. "Sitima yonse kuima ndi mpweya! Mpweya womwewu! Kale munthu ankathamanga pamwamba pa mabogi, mvula ikugwa, kupotokola buleki imodziimodzi." Kenako ankatembenuza masamba ndi dzanja lamanzere, nkhope n'kusintha. "Koma bukuli ladzaza ndi zithunzi za mabwana a ndevu okhaokha. Anaboola mapiri ndani? Matchaina. Anakumba ndani? A ku Ireland, ndi anthu akuda anzathu, ena ali pa unyolo. Ali pa tsamba liti?"

Tsiku lina aphunzitsi athu, Mayi Pritchard, anatiwerengera ndime yonena za olumikiza mabogi a ku America, chisanabwere cholumikizira chatsopano chodzitsekera chokha. Anati bwana akamalemba anthu ntchito ankawauza kuti akweze manja, ndipo wosowa zala ndiye ankatengedwa, poti zinkasonyeza kuti ntchitoyo akuidziwa. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Anyamata anapinda zala n'kumagwedezerana manja: "Ndilembeni ine, bwana, ndilembeni ine!"

Pa zaka zitatu zimene ndinakhala pasukulupo, palibe amene anandifunsapo kanthu kupatula kundiuza kuti ndibwereze mawu ena kuti aseke katchulidwe kanga. Sindikunena izi kuti ndidzikhululukire. Ndinakweza mkono.

"Agogo anga ali ndi dzanja lotero."

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Mnyamata wina wa kumbuyo anati ndi bodza, ine n'kufotokoza zonse: mphete, chikhomo, zala zotsala. Mayi Pritchard anawala m'maso. Panali patatsala sabata imodzi kuti kukhale chionetsero cha ntchito zathu mu holo, ndipo mlendo wolemekezeka anali bwana wa fakitale ya ku Aston ija, chifukwa eni ake atsopanowo anapatsa sukulu makompyuta. Mayi Pritchard anati ndibwere nawo agogowo, anthu adzaone ndi maso, ndipo pepala langa lidzakhala pakati penipeni pa bolodi.

Kwa a Matewere ndinanena kuti aphunzitsi akufuna munthu wodziwa njanji adzatiphunzitse. Za bwana wa fakitale sindinatchule.

"Ine?" anatero. "Kukaphunzitsa ana a Angelezi? Adzandipatsa mphindi zingati?"

"Zambiri," ndinatero.

Sabata yonseyo tupa silinapume. Anapanga timabogi tinayi ta matabwa ndi malata. Tiwiri tinali ndi mphete ndi chikhomo. Tiwiri tinali ndi cholumikizira cha ku America chija, chimene anachisema kuchokera pa chithunzi cha m'buku, ndipo mukatigundanitsa tinkangoti gwa, tagwirana tokha, popanda munthu kuima pakati. Anandipatsa kuti ndiyese. Ndinagundanitsa mwina kakhumi, iwo akuseka ngati mwana.

"Waona? Munthu mmodzi anakhala pansi n'kuganiza za anzake. Amenewa ndiwo ana ayenera kuwamva."

Analemba zokalankhula m'Chingerezi, masamba khumi, ndipo madzulo alionse ndikamadya ndinkawamva kuseri kwa khoma akuyeseza, kubwereza mawu ovuta, kutsokomola, kuyambiranso. Ndinali ndi masiku asanu ndi awiri oti ndiwauze zoona. Onse anadutsa.

Ndiye tinalowa mu holomo Lachinayi lija. Munali fungo la polishi ndi kabichi wa nkhomaliro. Ana anakhala pansi m'mizere, makolo ochepa pamipando kumbuyo. Bambo anali ku yunivesite, mayi kushifiti. Kutsogolo kunapachikidwa nsalu yaikulu yokhala ndi chizindikiro cha fakitale. A Matewere ataiona anasiya kuyamwa switi.

Bwanayo anali Mngelezi wamtali wa tayi yofiira, wakamwa lofewa. Analankhula theka la ola. Anati America inakula chifukwa cha anthu olimba mtima amene sankaopa zatsopano, ndipo mzimu womwewo wafika tsopano ku Aston, kumene makina amodzi akugwira ntchito imene kale inkafuna anthu ambirimbiri. Tinawomba m'manja monga anatiphunzitsira.

Kenako Mayi Pritchard anati tili ndi mlendo wapadera, agogo ake a Lameki, ochokera ku Afrika. A Matewere anapita kutsogolo, ine pambali pawo. Anaika katoni patebulo, anatulutsa mapepala awo, anawongola tayi. Anangofika pa kupereka moni kwa ahedi, aphunzitsi ndi ana.

"Pepani kwambiri, nthawi yatithera," anatero Mayi Pritchard, akumwetulira, akulankhula mokweza ndi mochedwa. "Lameki anatiuza za dzanja lanu. Mungawaonetse anawa? Kungokweza basi, kuti akumbuyo aone."

Sindidzaiwala mmene anatembenukira. Sanafulumire. Anandiyang'ana, n'kufunsa m'Chichewa, motsitsa mawu, ngati tili awiri m'khitchini mwawo.

"Wanena?"

Ana onse ankandiyang'ana. Ndinayankha m'Chingerezi. Ndinati ndi kamphindi kamodzi kokha, palibe vuto.

Anandiyang'anabe. Akanatha kunyamula katoni yawo n'kutuluka. Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene sanachitire zimenezo, ndipo yankho limene ndimapeza ndi limodzi: akanatuluka, ine ndikanakhala wabodza pamaso pa sukulu yonse. Anatulutsa dzanja m'thumba, n'kulikweza pamwamba.

Mu holo munamveka phokoso ngati la anthu oona ngozi pamsewu. Mtsikana wina anabisa nkhope. Anyamata a kumbuyo anadzuka n'kugwada kuti aone bwino, wina n'kunena kuti likuoneka ngati la nkhanu. Mphunzitsi wina anabwera ndi kamera ija yotulutsa chithunzi pompopompo, anawauza kuti asatsitse kaye, kuwala n'kung'anima. Bwana wa tayi yofiira anapukusa mutu mwachifundo. Anauza ana kuti ayang'anitsitse, chifukwa umu ndi mmene dziko linalili zatsopano zisanabwere, ndipo n'chifukwa chake sitiyenera kuopa kusintha.

A Matewere sanatsitse dzanja. Analankhula m'Chingerezi chawo chakale, chosamala, cha mawu amodziamodzi.

"Bwana, cholumikizira chodzitsekera chokha anachipanga liti ku America?"

Bwanayo anaseka pang'ono, n'kuti ameneyo ndi funso la ana a sukulu. Mtsikana wina anawerenga papepala langa pa bolodi: m'zaka za m'ma 1870.

"Zikomo, mwanawe. Dzanja ili linaphwanyika chaka chimene Mfumukazi yanu inavekedwa chisoti. Ana inu mumadziwa masamu. Pakati pake pali zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Zatsopano zinali zitabwera kale, bwana. Agogo anga asanabadwe."

Bwanayo anati n'zomvetsa chisoni, koma zinthu zinkatenga nthawi kuti zifike ku Afrika.

"Injini inafika. Njanji zinafika. Mfuti zinafika, msonkho unafika, ngakhale piyano ya akazi a bwana inafika yosathyoka. Kachitsulo aka kokha ndi kamene kanasochera panyanja?"

Makolo ena kumbuyo anaseka, bambo wina wa ku Jamaica anamenya mpando n'kuti, "Auzeni!" Mayi Pritchard anafiira makutu. Bwanayo, pofuna kuziziritsa nkhani, anafunsa mwaulemu kuti atabwera kuno ku England anagwira ntchito kuti.

"Kwa inu. Benchi yachitatu kuchokera pakhomo, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Munandigwira chanza chakumanzere chaka chatha. Makina anu aja anachoka ku America n'kufika ku Aston pa miyezi ingati? Amenewo sanasochere. Chopulumutsa malipiro chimathamanga, bwana. Chopulumutsa zala chimayenda pansi."

Mayi Pritchard anayamba kuwomba m'manja okha, mwamphamvu, mpaka ana anatsatira, ndipo m'phokoso lomwelo analengeza kuti kwaya ibwere. A Matewere anabweza dzanja m'thumba. Anapinda masamba khumi aja, ananyamula katoni imene sanaitsegule n'komwe, n'kutuluka. Ine ndinawatsatira.

Kunja kunkagwa kamvula kowaza. Pamalo okwerera basi anaika katoni ija pamwamba pa bini ya zinyalala. Ndinatambasula mkono kuti nditenge.

"Siya."

"Agogo, timabogi tija..."

"Ndati siya."

M'basi anakhala pampando wa munthu mmodzi kumbuyo kwa dalaivala. Ndinaima pambali pawo njira yonse. Titafika kunyumba analowa kwawo n'kukhoma.

Cha m'ma 6 koloko Mayi Pritchard anaimbira foni bambo. Ndinamva bambo akupepesa katatu. Atabwera patebulo anali atakwiya, koma osati ndi ine.

"Akuluwa akanaugwira mtima. Munthu wapereka makompyuta, iwe n'kukamuchititsa manyazi pa ana? Tili kwa eni ake kuno. Mawa ukapepese kwa aphunzitsi, Lameki, n'kuwathokoza."

Mayi anali asanavule yunifolomu. Anaika mbale pansi.

"Dikirani kaye, bambo a Lameki. Akuti dzanja. Dzanja lanji?"

Ndinafotokoza. Ndinayamba m'Chingerezi, mayi n'kumenya thebulo. Ndinayambiranso m'Chichewa.

"Anakuuza kuti usanene?"

"Inde."

"Unalonjeza?"

"Inde."

"Anadziwa kuti akukaonetsedwa?"

"Ayi."

Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Munthu wamkulu anakuvulira, iwe n'kukaitana mudzi wonse." Kenako anatembenukira bambo. "Ndipo inu a Dokotala, maphunziro onsewo, mwamva nkhani yonseyi n'kupeza kuti wopepesedwa ndi wa makompyuta?"

Bambo anati mayi sakumvetsa mmene zinthu zimayendera kuno. Mayi anati amasambitsa Angelezi tsiku ndi tsiku, akuwadziwa kuposa buku lililonse. Anakangana mpaka ndiwo zinazizira. Ine ndinatuluka kukagogoda kwa a Matewere. M'khitchini munkayaka getsi, fungo la palafini linkatulukira pansi pa chitseko, koma sanatsegule. Kuseri kwa khoma madzulo amenewo kunalibe tupa, kunalibe ketulo.

Lero ndadutsa zaka makumi anayi, ndipo mkwiyo wa tsiku limenelo sunazizire. Mayi Pritchard sanali munthu woipa, ndipo chimenecho n'chimene chimandipsetsa mtima kwambiri: anaona nkhalamba ya suti, mapepala ali m'manja, katoni ili patebulo, ndipo sanafunse n'komwe kuti m'katonimo muli chiyani. Bwana uja ndikhulupirira anakadya bwino chakudya chake chamadzulo. Bambo anga ndinawakhululukira theka, poti ndinadzadziwa mantha a munthu wokhala m'dziko la eni ndi chilolezo choti akhoza kumulanda. Mwana uja wokweza mkono m'kalasi sindinamukhululukire. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu kunja kwa mzinda. Kachipangizo kowerenga masekondi athu kanafika pamkono pathu tisanakapemphe. Chonyamulira mabokosi olemera tinachipempha mpaka anzanga awiri anathyoka misana. Akamabwera mabwana kudzatiuza za zatsopano, ndimafunsa funso limodzi, kuti chimenechi chikupulumutsa yani, ndipo ndimadziwika kuti ndine wovuta. A Matewere anakhala ndi moyo zaka zina zinayi. Ankandipatsa moni, ankandipatsa maswiti, ankandifunsa za mayeso. Njinga ikawonongeka ankandiuza dzina la shopu. Dzanja lija sindinalionenso.

M'mawa mwa tsiku lotsatira chionetsero chija, Lachisanu, ndinanyamuka bambo asanadzuke. Ndinafika kusukulu geti litangotsegulidwa, mu holo muli mayi wokolopa yekha. Bolodi linali pomwe lija. Pakati penipeni, pamwamba pa pepala langa, anakhomapo chithunzi chija, pansi pa mawu akuti KALE. Pambali pake panali chithunzi cha makina a ku Aston, pansi pa mawu akuti LERO. Wojambula uja anangolunjika dzanja. Nkhope inadukira pachibwano.

Ndinazula mapini. Mayi Pritchard analowa ndi kapu ya tiyi m'manja.

"Lameki, ukutani? Bwezera pomwepo. Ndi katundu wa sukulu."

"Si chanu," ndinatero.

Anati aimbiranso bambo, ndipo ndikatuluka pageti ndidziwe kuti nkhani ipita kwa ahedi. Ndinaika chithunzicho mkati mwa malaya, n'kutuluka. Ndinadzera pamalo okwerera basi paja. Bini inali itakhuthulidwa kale. Ndinayenda pansi mpaka kunyumba.

Ndinagogoda kwa a Matewere kanayi. Anatsegula atavala juzi yakale, ndevu zosameta.

"Sukulu yapsa?"

"Ndathawa, agogo."

Ndinawapatsa chithunzicho ndi manja awiri. Sanachilandire. Anachiyang'ana chili m'manja mwangamo, nthawi yaitali.

"Ngakhale mutu anandidula," anatero.

"Agogo, ndinalakwa. Ndinanama kwa inu. Ndikupepesa."

"Ndamva. Ana onse aja ukawatolerenso maso?"

Anapatuka pakhomo, ndinalowa, anatsogola mpaka kukhitchini. Ndinafuna kusiya chithunzicho patebulo.

"Pathebulo panga ayi. Si changa chimenecho. Unachipanga ndiwe." Anatsegula dirowa, anatulutsa bokosi la machesi, n'kuliponya pafupi ndi sinki. "Maliza ntchito yako."

Mtengo woyamba unathyoka, wachiwiri unazima usanafike. Iwo anaima kumbuyo kwanga osandithandiza. Wachitatu unagwira pakona, pepala lolimbalo linayamba kupindika ndi kutuluka utsi wakuda wonunkha mankhwala, ndipo ndinaligwirabe mpaka moto unandiwotcha chala. Ndinaliponya m'sinki, ndinadikira kuti lithe lonse, kenako ndinatsegula mpopi.